Uchi Wakuda wa Esinati

Ming'oma ya njuchi ya mkazi wanga Esinati inali isanu ndi iwiri. Pamene ndinkafika kuchokera ku Joni inali itatsala isanu ndi umodzi, ndipo pamalo pa winawo panali phulusa ndi misomali yopindika. Anautentha ndi alamu anga a Fanuwelo, achimwene ake a Esinati, patangopita masiku awiri chiikire maliro ake. Yotsalayo inapulumuka chifukwa njuchi zinawatupitsa nkhope, komanso akuluakulu anati za katundu wa malemu zidikire tsiku losudzula mkamwini. Mkamwiniyo ndinali ine. Mudzi wonse unkadziwa kuti tsiku limenelo ndikangotuluka ndi chikwama changa, ming'oma yonse ipsa, chifukwa ankati uchi wakuda umene unkatuluka mmenemo ndi umene unapha Esinati.

Ine uchi wakuda ndinaudziwira kutali, ndipo ndinaudziwa mochititsa manyazi. Ndiyambire kumeneko.

Basi ya ku Joni ndinakwerera pa Lizulu. Tinali titakhala m'banja chaka ndi miyezi ingapo, kwawo kwa Esinati, kumapiri kumtunda kwa msewu. Ndinali ndi pepala la ku koleji ya zaulimi, limene ndinalisiya m'maofesi a ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Lilongwe mpaka nsapato zinabooka. Pakati pa maulendo amenewo ndinkalima mbatatesi m'munda wa apongozi ngati mkamwini wina aliyense. Kusiyana kwake kunali koti ine ndinkadziwa dzina la m'buku la chiwawu chimene chinkaononga mbewuzo. Esinati anasenza chikwama changa pamutu mpaka pamsika, ngakhale ndinamuletsa. Basi itaima anandipatsa jumbo ya mbatatesi zokazinga, n'kunena kuti, "Mukakapeza ntchito ya muofesi mudzandiuze msanga, ndiyambe kuphunzira kuyenda ndi nsapato zazitali." Sanalire. Anatembenuka basi isananyamuke, ndipo ndinamuona akufunsa mtengo wa kabichi kwa mayi wina, pomwe kabichi tinali naye kudimba.

Kwathu dziko lonse lija timalitcha Joni, koma mzinda weniweniwo sindinaukhale nthawi yaitali. Ndinatsuka magalimoto, ndinatchetcha kapinga, kenaka munthu wina anandiuza za mzungu woweta njuchi kummawa, kumapiri kumene nkhalango za paini zimayenda tsiku lonse osatha. Bwanayo pepala langa sanaligwire n'komwe. Anayang'ana manja anga, anafunsa ngati ndimatupa ndikalumidwa, ndipo ndinanama kuti ayi.

Tinkagona anthu anayi mu kontena yachitsulo kuseri kwa shedi. Masana inkatentha ngati uvuni, m'mawa denga linkadontha madzi a mpweya wathu womwe. Mwa anayiwo mmodzi anali wa kwathu, a Laisoni a ku Bwanje, munthu wa imvi, wamfupi, amene bambo awo anathera mapapo m'migodi ya dziko lomwelo. Anandimva ndikuyankhula ndekha pofuna sopo, n'kudzuka pa bedi.

"Wa kuti iwe?"

"Kwathu ndi ku Manjawira, koma ndinakwatira kumtunda kwa Lizulu."

"Ndiye ndiwe mkamwini wothawa khasu."

Tsiku lina anaona pepala langa lili mu pulasitiki pansi pa chikwama. Analiwerenga lonse mokweza, mpaka masaini, n'kulibweza ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo anasiya kundinena kuti iwe. Ndinakhala a Dipuloma, ndipo dzina langa lenileni sindinalimvenso pafamu paja.

Sabata yoyamba njuchi zinanditseka maso onse awiri. A Laisoni ankandisenda mbola ndi chikhadabo kwinaku akuseka. "Musazikupe, a Dipuloma. Njuchi imadana ndi munthu wothamanga. Pa mng'oma muziyenda ngati mwalowa m'tchalitchi mochedwa, abusa atayamba kale ulaliki." Anandiphunzitsa kupopa utsi pang'ono n'kudikira, kukweza chivindikiro osachimenyetsa, kuzindikira ndi khutu mng'oma umene mfumu yake yafa. Zonsezi ku koleji zinatenga masana amodzi, pa bolodi.

Chidindo cha mu pasipoti chinatha mphamvu, ndipo bwana ankadziwa. Ukadandaula za malipiro kapena za nsapato zong'ambika, ankangoloza kuchipata. Galimoto yachilendo ikatulukira pamsewu wa fumbi, ife tinkasiya chilichonse n'kulowa mu paini. Ndinagonapo chafufumimba pa masamba ouma aja theka la tsiku, kenaka n'kumva kuti anali munthu wodzagulitsa matayala. Panalinso nyengo zimene kumatauni ankathamangitsa anthu obwera. Nthawi zoterozo sitinkatuluka pafamu ngakhale kukagula mchere, ndipo a Laisoni ankaphika nyemba zopanda mchere n'kumati ndi malangizo a dokotala.

Nyengo yozizira yoyamba, maluwa onse atatha, anandiika mu shedi kuti ndizichotsa uchi m'zisa zochokera ku ming'oma ya mkati mwa nkhalango. Uchi umene unatuluka sindinauonepo. Unali wakuda ngati oyilo wotha ntchito mu injini, wokhuthala, wonunkhira ngati thabwa lonyowa. Nditaulawa sunatsekemere monga uchi. Unali ndi kakuwawa kamene kankatsalira kukhosi. Ku koleji anatiuza kuti uchi wabwino ndi woyera, woonekera, ndipo wakuda ndi wa anthu ofula ndi moto, opsereza zisa ndi kufinyira limodzi ndi ana a njuchi. Ndinaganiza kuti ndaona vuto limene anzanga osaphunzira sanalione. Ndinanyamula ndowa yoyamba n'kukaikhuthulira kudzala kuseri kwa shedi. Ndili ndi yachiwiri m'manja, a Laisoni anatulukira.

"A Dipuloma, mukutani?"

"Waonongeka uwu. Ukasakanikirana ndi wabwino uja tiononga wonse."

Anandilanda ndowa, n'kuyang'ana kudzala kumene njuchi zinali zitayamba kale kuunjikana. Bwana atafika, a Laisoni anati ndowa inawapulumuka m'manja iwowo. Bwanayo anawatukwana pamaso pa tonse, mawu amene sindingawalembe, munthu wa imvi ataima chipewa chili m'manja. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Mawa lake a Laisoni anandidzutsa kukungoyera. Tinayenda m'chisanu mpaka mkati mwa nkhalango, n'kuima.

"Mukumva chiyani?"

Nkhalango yonse inkalira ngati chigayo cha kutali. Zinali njuchi, pamwamba pathu, mtengo uliwonse.

"Duwa mukuliona?"

Panalibe duwa ngakhale limodzi. Anakoka nthambi n'kundigwiritsa. Masamba ake anali onata, ndipo m'munsi mwake munali tizilombo tating'ono totuwa, tothinana, nyerere zikukwera ndi kutsika pakati pake.

"Nsabwe za m'mitengo izi. Zimayamwa madzi a mtengo, ndipo zimamwa mopitirira mimba, ndiye zotsala zimatulukira kumbuyo, timadontho totsekemera. Nyerere zimanyambita, njuchi zimatola. Dzuwa likakwera timadonthoto timauma, n'chifukwa chake zimalawirira chonchi."

"Ndiye uchi uja ndi..."

"Manyi a nsabwe, a Dipuloma. Ndipo azungu a m'tauni amachita kulimbirana. Amati uchi wa m'nkhalango. Kalembeni m'buku lanu lija."

Ndinapepesa za dzulo lake. Anati ndisawataitse nthawi, koma ndiziwatsukira ovolosi mpaka mvula itagwa, ndipo ndinatsukadi.

M'zaka zotsatira ndinaudziwa bwino uchi umenewu. Wa maluwa a bulugamu ukakhala m'botolo nyengo yozizira umagwirana n'kukhala ngati shuga wonyowa. Wakudawu ayi. Umatha chaka ukuyenderera ngati waufula dzulo. Sutopetsa m'kamwa. A Laisoni ankati ndi uchi wa akuluakulu, wa anthu amene anaonapo zinthu, ndipo ankabisa kabotolo kake pansi pa pilo ngati mankhwala.

Nkhani zonsezi ndinkamuuza Esinati pa foni. Ya ndowa ija anaseka mpaka foni inagwa. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga njuchi za kuno zilibe nzeru?" Zimene ndinkatumiza, zina anamangira nyumba yathu, zina anagula matabwa. Ndinamutumizira miyeso, iye n'kukaimirira pa kalipentala mpaka mng'oma unatuluka monga ankafunira. Chotchinga kumaso anasoka yekha ndi neti ya udzudzu pa chipewa changa chakale. Ming'omayo anaiika kumunsi kwa munda wathu, m'mbali mwa kamtsinje. Tsidya lina la kamtsinjeko ndi kumanda a mudziwo. M'zaka zonsezo ndinabwera kumudzi kawiri kokha, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza mapiri atayera kuposa kale, mitengo itapita ku makala, ming'oma ya Esinati itaonjezekera. Uchi woyera ankaugulitsa m'mabotolo pa Lizulu. Anthu ankati mkazi wa a ku Joni wapenga, akugwira ntchito ya amuna, koma uchi ankagula.

Chaka china, nyengo yozizira, ananditumizira chithunzi cha botolo lakuda bii, ndi uthenga wa mawu. "Bambo, uchi wanga wapsa. Ndiutaye?" Ndinaseka mpaka a Laisoni anandilanda foni. "Amayi, musataye! Amuna anuwa anataya kale wokwanira banja lonse." Ndinamuuza kuti alawire m'mawa aone kumene njuchi zikulowera. Yankho linabwera tsiku lotsatira.

"Zikupita kumanda. Mitengo ya kumeneko ikulira ngati kwaya."

"Ukuopa?"

"Ndiope njuchi zanga zomwe? Komanso ogona kumeneko ndi abale anga okhaokha. Sangandimane."

Uchi umenewo pa Lizulu sunayende malonda. Ankati wathira shuga wopsereza. Anausunga m'nyumba, n'kunena kuti botolo lalikulu ndi langa, ndidzalipeza.

Matenda anandibisira. Ndinangoona kuti wasiya kutumiza zithunzi zake, akutumiza za ming'oma yokha. Pamene ankandiuza, a chipatala anali atanena kale kuti ndi khansa ya m'chiberekero ndipo yafalikira. "Musathamange," anatero. "Malizani kufula. Ine ndilipo." Inali nyengo ya uchi wakuda. Bwana anati ndikachoka ntchito isanathe ndisadzabwerenso. A Laisoni anandipeza ndikutsuka ndowa.

"Pitani lero."

"Esinati akuti ndimalize kaye. Ndi masabata awiri okha."

"Akazi anga ananenanso chomwecho. Ine ku Bwanje sindinapondekonso. Ndikapita kukaona ndani? Pitani lero, a Dipuloma."

Sindinapite. Palibe anandimanga miyendo. Ndinaganiza za ntchito, za mankhwala ofunika kugula, za nyumba yosamaliza pulasitala, ndipo ndinatsala.

Uthenga womaliza wa Esinati ndikadali nawo. Mawu ake anali atachepa, koma ankasekabe. Anati chilichonse chikubwerera, phala likubwerera, tiyi wa shuga ndiye osanena. Koma uchi wakuda uja ukutsika, chifukwa sutsekemera kwambiri, suchititsa nseru. "Amayi akundipatsa pa supuni, m'mawa ndi madzulo. Mukachedwa mudzapeza nditamaliza botolo lanu."

Foni ya maliro inandipeza mu shedi, manja ali uchi okhaokha. Chifukwa cha chidindo chotha mphamvu chija ananditsekereza pamalire, ndipo ulendo unanditengera pafupifupi sabata. Kumudzi sakanatha kudikira. Ponyamuka a Laisoni sanandipepese ndi mawu. Analowetsa m'chikwama changa kachitini kawo kopopera utsi, kamene anakagwiritsa ntchito zaka zonse zija, n'kubwerera ku ming'oma basi isanafike.

Ndinafika kumudzi anthu atabalalika kale pa siwa. Amene kale ankandithamangira kudzalandira chikwama anandipatsa moni ali chikhalire. Apongozi, amayi ake a Esinati, anali ataonda, atakhala pansi pa mtengo wawo wakale wa mandimu, osayankhula ndi munthu. Ine ndi iwo, monga mwa mwambo, sitinayang'ananepo maso ndi maso chikwatirire. Tikakumana m'njira wina ankapatuka, ndipo zoyankhula zinkadutsira mwa Esinati. Tsopano wodutsiramo panalibe.

Adzukulu awiri, amene amakumba manda m'mudzimo, anandiperekeza kukaona pamene anamugoneka. Ndi pansi pa mkuyu waukulu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali osamva kanthu. Kenaka kadontho kanagwera pa dzanja langa. Ndinayang'ana kumwamba. Masamba anali onyezimira, onata, nyerere zili pamzere kukwera thunthu. Ndinanyambita dzanjalo. Adzukulu aja anayang'anana, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva.

A Fanuwelo anabwera okha kunyumba, chikope chimodzi chikadali chotupa. Ndi munthu wabwino, woimba besi mu kwaya, ndipo Esinati anamulera ndi iwowo bambo awo atamwalira.

"Alamu, ife ndife Akhristu, za masalamusi sitikhulupirira. Koma maso tili nawo. Uchi unayamba wabwerapo nthawi yopanda maluwa? Wakuda ngati phula la pamsewu? Uchi wina uliwonse kuno ukazizidwa umagwirana, uwu chaka chathunthu uli maso. Ndipo njuchi zake kukangocha zili kumanda. Zikukatengako chiyani? Mlongo wanga anayamba kudya zimenezo, lero ali komweko."

"Anadwala khansa, alamu. Mapepala a kuchipatala ali m'nyumbamu."

"Mapepala. Inu ndi mapepala anu. Munali kuti ndi mapepalawo pamene ife tinkamutembenuza pa mphasa?"

Atatero ananyamuka n'kumapita.

Masabata odikira tsiku losudzula ndinawathera ku ming'oma. Esinati anali ataisamala kuposa mmene ine ndikanachitira. Miyendo ya matebulo ake anaiimika m'zitini za oyilo kuti linthumbu lisakwere. Pa chivindikiro chilichonse analemba ndi khala chimene anapezamo ulendo womaliza. Pa wina panalembedwa kuti "aukali awa, bwerani ndi ulemu." M'nyumba ndinapeza botolo langa lija, uchi utatsala zala zitatu pansi.

Tsiku litakwana, kwathu ku Manjawira kunabwera atsibweni anga, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Tinakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mandimu uja. Woyendetsa nkhani anali malume ake a Esinati, munthu wofatsa amene ankaoneka kuti akungofuna zithe. Anayamika kuti ndinakhala nawo bwino, ndinamanga nyumba, sindinamenyepo mwana wawo. Anati poti mwana palibe, palibe chondimangirira pamudzipo, ndine mnyamata, ndipite ndikayambe moyo wina. Kenaka anakankhira patsogolo panga mbale yokhala ndi kandalama kakang'ono. Kumeneko amatero. Ukatola, wamasulidwa, ndipo pamudzipo umakhala mlendo.

"Ming'oma itani?" ndinafunsa.

"Imeneyo isakuvuteni," anayankha a Fanuwelo. "Tithana nayo."

Ndinaimirira, chinthu chimene mkamwini sachita pabwalo lotere, n'kuthyola kanthambi ka ndimu pamwamba pa mitu yathu. Masamba ake anali akuda ngati apakidwa mwaye, monga akhalira zaka zonse. Ndinapatsa a malume kuti agwire. Zala zawo zinanata. Ndinawaonetsa tizilombo tomatirira kunsi kwa tsamba, ndi nyerere, ndipo ndinafotokoza zonse monga a Laisoni anandifotokozera, osachotsa kanthu. Ndinati njuchi za Esinati zimabweranso mu mtengo womwewu kukamacha, aliyense wodzuka msanga anazimvapo.

"Ndiye mukuti chiyani?" anatero a Fanuwelo. "Mlongo wanga ankadya manyi a nsabwe?"

"Eya. Inenso ndadya zaka zonsezi. Kumene ndinali azungu amalimbirana."

Mayi wina kumbuyo anaseka, n'kudzitseka pakamwa ndi nsalu. A Fanuwelo sanaseke.

"Musatizunguze ndi ndimu. Ndikufunsa chimodzi. Kumanda zimapita kapena sizipita?"

Atsibweni anga anandiponda chala. Ndikanatha kunena kuti zimangodutsako. Mwina nkhani ikanathera pomwepo.

"Zimapita. Tsiku lililonse. Zipite kuti? Yang'anani mapiriwa. Mitengo yonse munaotcha makala, yatsala ndi yokhayo imene mumaiopa. Njuchi sidziwa manda, imadziwa mtengo. Ndipo musadzamve kwa wina: uchi wa chaka chamawa udzachokera mu mkuyu umene uli pamwamba pa Esinati. Ndinaona ndekha, ukudontha."

A malume anapukuta zala pa thalauza, n'kunena mofatsa kuti ngati ndi choncho ndinyamule ming'omayo ndipite nayo ku Manjawira, aliyense apume.

"Sindinaiike ndine pamene ilipo. Anaiika ndi mwana wanu, anasankha yekha malo, akudziwa kumene njuchi zikupita. Sindiisuntha, ndipo sipsa."

"Tola ndalamayo tizipita," ananong'ona atsibweni. "Ukutichititsa manyazi."

Ndinatulutsa botolo lija m'thumba la jekete, ndi supuni imene ndinaipeza pambali pake. Ndinathira n'kudya, onse akuona. Ndinathiranso. Apa ndi pamene apongozi anayankhula, koyamba chifikire changa. Anali atakhala cha pambali ndi amayi anzawo, nkhope atalozetsa kwina.

"Supuni imeneyo ndi yanga," anatero. "Ndinkamumwetsa ndine. Ndi dzanja ili. Ankati amayi ndipatseni, ine n'kumamupatsa. Mwana wanga ndinamupha ndekha."

Ndipamene ndinamvetsa chimene a Fanuwelo ankafuna kutentha. Mayi awo anali asakudya, asakugona, ndipo iwo analibe china choti awachitire.

Ndinapita kukagwada patsogolo pa apongozi, pafupi kuposa mmene mwambo umalolera, ndipo ndinawayang'ana kumaso.

"Amayi, uchi uwu sunamuchize, komanso sunamuphe. Anandiuza yekha, mawu ake ndili nawo. Anati chilichonse chikubwerera, koma umene amayi akundipatsa pa supuni ukutsika. Masiku ake omaliza, chimene chinalowa m'mimba mwake chinachokera m'dzanja lanu. Inu munali pomwepo ndi supuni. Ine ndinali ku Joni, kufula uchi wa mzungu, nditauzidwa kale kuti mkazi wanga akufa. Ngati pakufunika wina woti apse pa nkhani imeneyi, si njuchi, si inu. Ayambe ndi ine."

Anafunda nsalu kumutu. Ndinabwerera pamalo panga, n'kukankha mbale ija pang'onopang'ono mpaka inakagunda bondo la a malume.

"Sinditola. Ndikadali mkamwini wanu."

A malume anayang'ana mbale, anayang'ana atsibweni anga. Anati chibadwire sanaonepo zotere, koma munthu sagwiridwa dzanja kuti atole. Anthu anabalalika nkhani isanathe. Atsibweni anakwera minibasi osanditsanzika.

Ndinatsala. Ndinabwerera m'munda wa mbatatesi wa apongozi ndi khasu lomwe ndinalithawa lija. A Fanuwelo anatha miyezi osandipatsa moni, koma ku ming'oma sanapiteko, pakuti kutentha katundu wa mkamwini wosasudzulidwa ndi mlandu. Ena amanditcha mkamwini wa kumanda, ndipo ndimamva. Pa phulusa paja ndinaikapo mng'oma watsopano, wa miyeso yomweyo, ndipo mvula isanagwe njuchi zinalowamo zokha. Ndinawatumizira a Laisoni chithunzi. Anayankha mawu awiri: "Mwakhoza mayeso."

Nyengo yozizira itabweranso, ndinkaima m'mbali mwa kamtsinje kukamacha n'kumamvera mitengo ya tsidya lina ikulira. Uchi unatuluka wakuda monga ndinanenera. Botolo loyamba ndinakaliika pakhonde la apongozi iwo ali kudimba, osauza munthu. Panapita masabata atatu. Sindinafunse.

Tsiku lina ndikuchokera ku ming'oma ndinawapeza ataima kumapeto kwa bwalo la nyumba yanga, atatembenukira kumbali monga mwa mwambo. Pansi panali botolo lija, lopanda kanthu, lotsukidwa bwino. Ndinagwada patali.

"Bambo."

"Wawa, amayi."

"Wa chaka chino wachepa kuwawa. Uja wa mwana wanga unkagwira pakhosi."

"Mwina ndinafula msanga."

"Munafuladi msanga. Iye ankadikira mphepo ija ithe kaye. Muzifunsa."

Anamasula mfundo ya pa nsalu yawo n'kutulutsa bokosi la machesi. Analiika pamwamba pa botolo.

"Mbale ija ndikupakuliramo ndiwo. Kandalama kaja ndagulira awa. Muziyatsira kachitini kanu ka utsi."

Anabwerera kwawo osacheuka. Ine ndinatola botolo, ndinalowa nalo m'nyumba, n'kulidzazanso mpaka pakhosi.